Bwanji amangoyamba kuyimba pakati pa nkhani? Za mafilimu akale a nyimbo ndi magule

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Akuti agogo achizungu amene amakhala nawo masana amaiwalaiwala zinthu, ngakhale mayina a adzukulu awo, koma akangowayatsira mafilimu akale a ku America, aja anthu amati akucheza bwinobwino kenaka n'kuyamba kuyimba ndi kuvina pakati pa msewu, nyimbo zonse amazitsatira osaphonya liwu. Mayiwa afunsa zinthu ziwiri. Choyamba: "Chokoma n'chiyani m'mafilimu amenewa? Ine ndimangoona zachibwana, nkhani yake yopanda mutu." Chachiwiri n'cholemererapo. Chakumapeto kwa chaka chatha, nyengo ya Khirisimasi, pa kanemapo panatulukira mzungu atadzipaka zakuda kumaso akuyimba, agogo aja n'kumamwetulira. "Mtima unandiwawa. Kodi ndizikhala pansi n'kumaonera nawo, kapena ndizikapeza chochita kukhitchini?"

Achemwali, zikomo polemba. Mwakhudza chinthu chimene ndimachikonda ndiponso chimene chimandikwiyitsa, choncho pepani, yankho litalika.

Kuti nkhani zake n'zopanda mutu, simunaname. Pafupifupi chilichonse m'mafilimu amenewa ndi chabodza. Mzinda wa Venice kapena Paris umene mukuuonawo anaumanga ndi matabwa m'kati mwa situdiyo ku California, mvula ikuchokera m'mapaipi, ndipo nthawi zina ngakhale mawu amene akutuluka m'kamwa mwa woyimbayo ndi a munthu wina. Chimene sichinama ndi thupi la wovina. Nthawi imeneyo kunalibe kompyuta yoti n'kukometsera zinthu. Mukaona munthu wadumpha, ndiye kuti anadumphadi, ndipo anabwereza kambirimbiri mpaka kamera itagwira bwino. Ndiye langizo langa loyamba ndi lakuti musamavutike kutsatira nkhani. Muziyang'ana miyendo.

Za kuyimba mwadzidzidzizo, ife sitiyenera kudabwa nazo kwambiri. Wosimba nthano akati "padangokhala", ife "tili tonse", nthano ija ikafika pouma amayambitsa nyimbo, tonse n'kuvomera. Palibe mwana amene amadula agogo ake pakamwa kuti afunse kuti mbalame ija inaphunzira liti kuyimba m'Chichewa. Timadziwa kuti nyimbo ikubwera pamene mawu wamba achepa mphamvu. Mafilimu amenewa amayendera lamulo lomwelo: munthu akasangalala kapena akakonda mopitirira muyeso amayimba, kuyimba kukachepa amavina. Amene tinakula tikuonera mafilimu a ku India m'mavidiyo shoo, kapena Sarafina! ya 1992, tinalivomereza kale lamuloli osadziwa.

Mafilimu anayamba kulankhula mu 1927, pamene kampani ya Warner Bros. inatulutsa The Jazz Singer. Anthu atamva Al Jolson akuyimba pa kanema, makampani onse a ku Hollywood anathamangira nyimbo. The Broadway Melody ya 1929 inapata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana, koma lero mukayiona mukhoza kugona: kamera ili chilili malo amodzi, ovina ali pamzere ngati pa asembule. Anapanga ambiri otere mpaka anthu anatopa nawo. Amene anadzawadzutsa ndi Busby Berkeley mu 1933, ndi 42nd Street komanso Gold Diggers of 1933. Mkuluyu anali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo ankakonza maperete, zimene zimaonekeratu pa ntchito yake. Ankatenga atsikana ambirimbiri, kuwayala pansi, kukweza kamera kudenga, n'kumawajambula kuchokera pamwamba akupanga maluwa ndi nyenyezi ndi manja ndi miyendo yawo. N'zodabwitsa m'maso, koma ine sindizitcha kuvina. Atsikanawo sakuonekanso ngati anthu, asanduka zokongoletsera.

Chimodzi chokha ndimamupatsa ulemu Berkeley. Chaka chimenecho ku America kunali umphawi woopsa, munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito analibe ntchito. Gold Diggers of 1933 imayamba ndi atsikana ovala ndalama zachitsulo akuyimba kuti mavuto atha, ndipo nyimbo isanathe n'komwe akulowa anthu olanda katundu chifukwa mwini sewero ali ndi ngongole. Imathera pa asilikali akale a nkhondo ali pamzere wolandira chakudya. Amene amati mafilimuwa ankangothawa mavuto sanayionere imeneyi.

Kuvina kwenikweni kunabwera ndi Fred Astaire. Iye ndi Ginger Rogers anaonekera limodzi m'mafilimu 10, kuyambira Flying Down to Rio ya 1933 mpaka The Barkleys of Broadway ya 1949. Astaire anaumirira chinthu chimene chinasintha zonse: kamera izionetsa thupi lonse la wovina, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo asamaduledule chithunzi. Taganizirani mavidiyo a nyimbo a masiku ano, mmene chithunzi chimasinthira sekondi iliyonse, apa nkhope, apa chiuno, apa galimoto. Munthu wosadziwa kuvina akhoza kubisala mmenemo. Kwa Astaire kunalibe pobisala. Gule wa mphindi zitatu ankamujambula mosalekeza kapena kudula kamodzi kawiri basi, ndiye mmodzi akaphonya phazi kumapeto, onse ayambirenso. N'chifukwa chake iye ndi mnzake wokonza magule, Hermes Pan, ankatha masabata akuyeserera kamera isanabwere.

Tengani Top Hat ya 1935, ya nyimbo za Irving Berlin. Nkhani yake ndi yopusa zedi. Mtsikana akuganiza kuti mnyamata amene akumufunayo ndi mwamuna wa mnzake, ndipo filimu yonse ikudalira kuti pasapezeke munthu wofunsa funso limodzi losavuta: kodi dzina lanu ndani? Koma onani zimene zikuchitika akasiya kulankhula. Poyamba Astaire akuvina m'chipinda cha hotela usiku, nsapato zikugogoda, mpaka kudzutsa mtsikana wa chipinda chapansi. Mtsikana akwera kudzakalipa. Atabwerera, Astaire awaza mchenga pansi n'kumavina mokhwekhwereza mapazi pang'onopang'ono kuti amugoneke. Kenaka mvula iwapeza awiriwo pa kanyumba ka m'paki. Mtsikana sakumufuna, wamufulatira. Mnyamata aponya sitepe, mtsikana ayibweza monyoza, ngati akuti zimenezo nanenso ndimatha. Aponya ina yovutirapo, ayibwezanso. Pofika kumapeto akuvina limodzi, ndipo inu woonera mwaona ndi maso anu pamene mtima wake watembenukira, popanda wina kunena kuti ndimakukonda. Chokoma chimene mukufunsacho ndi chimenechi.

Pali chifukwa china chimene gule ankanyamulira katundu wolemera chotere. Kuyambira 1934 Hollywood inkatsatira mwamphamvu malamulo odziletsa otchedwa Hays Code, oletsa zachikondi zoonekera, mawu otukwana ndi zina zambiri. Zimene sakanatha kuonetsa kuchipinda anaziika m'gule. Mukadzaona Astaire ndi Cyd Charisse mu The Band Wagon ya 1953, akuyenda phee m'paki usiku, kuyendako n'kusanduka kuvina osadziwa kuti kwayambira pati, mudzamvetsa zimene ndikunena. Anthu ovala bwinobwino, osapsompsonana n'komwe, koma mwana akakhala pafupi umachita kumuyang'ana.

Rogers anthu amamuchepetsa. Ku America kuli nthabwala yotchuka yakuti iye ankachita zonse zimene Astaire ankachita, koma chobwerera m'mbuyo ndiponso atavala nsapato zazitali. Kwa ine luso lake lalikulu linali nkhope. Ankavina ngati munthu amene zikumuchitikira koyamba, pamene wayeserera mpaka mapazi kutuluka magazi.

Wina wamkulu ndi Gene Kelly, ndipo okonda mafilimuwa amakangana mpaka lero kuti woposa ndani. Astaire anali wowonda, wa suti ndi chipewa chachitali, wopepuka ngati sakugunda pansi. Kelly anali wa minofu, wovala ngati msilikali wa pamadzi kapena mnyamata wamba wa m'tauni, wovina moonetsa mphamvu. Ine ndili mbali ya Astaire, chifukwa Kelly nthawi zina amaoneka kuti akudziwa kuti tikumusirira. An American in Paris ya 1951 inapata ma Oscar 6, koma gule wake womaliza amatenga mphindi pafupifupi 17 nkhani itaima, ndipo ine ndimayamba kuyang'ana foni. Komabe filimu yopambana zonse za mtundu umenewu ndi ya Kelly, ndipo pamenepo sinditsutsa.

Ndikunena Singin' in the Rain ya 1952, imene Kelly anatsogolera limodzi ndi Stanley Donen ku kampani ya mafilimu ya MGM. Mmene inapangidwira zikufotokozerani chifukwa chake nkhani za mafilimuwa zimakhala zolobodoka. Bwana wa gulu lopanga mafilimu a nyimbo ku MGM, Arthur Freed, anali ndi nyimbo zakale zimene analemba ndi Nacio Herb Brown cha m'ma 1929 ndi m'ma 1930. Anaitana olemba awiri, Betty Comden ndi Adolph Green, n'kuwauza kuti apeke nkhani yoti nyimbozo zilowemo. Nyimbo zinayamba, nkhani inabwera pambuyo, ndipo umu ndi mmene zinkakhalira kawirikawiri. Mwayi wake, awiriwa anali anzeru. Anati poti nyimbozi ndi za nthawi imene mafilimu ankayamba kulankhula, nkhani ikhale ya nthawi yomweyo.

Ndiye muli Lina Lamont, katswiri wa mafilimu osalankhula, wokongola koma wa mawu olasa m'khutu. Akumubisira maikolofoni m'maluwa, iye akulankhulira kumbali. Akumusokerera pa diresi, ikugwira kugunda kwa mtima wake. Tsiku loonetsa filimu, mawu ndi chithunzi zisiyana, mwamuna akulankhula ndi mawu a mkazi, holo yonse ili kugwa ndi phwete. Apa ndiye nthabwala zenizeni, zosafuna kudziwa Chingerezi chozama. Muli Donald O'Connor amene akuvina yekha ndi chidole, kudzigwetsa pansi, kuthamanga pakhoma n'kutembenuzika m'malere, ndipo atamaliza kujambula anagona masiku angapo chifukwa cha kutopa. Ndipo muli gule wa mu mvula uja, Kelly atapinda ambulera yake dala, akupondaponda m'zithaphwi ngati mwana, mpaka wapolisi kumuyang'ana ndi diso loti bambo muli bwino? Anajambula zimenezo akudwala, thupi likutentha.

Tsopano mverani chinyengo chake. M'nkhaniyo, mtsikana wosadziwika, amene akuseweredwa ndi Debbie Reynolds, akuyimba ndi kulankhula mobisika m'malo mwa Lina, ndipo filimu ikutiuza kuti kubisa mwini mawu ndi kuipa mtima. Koma pa nyimbo ina yachikondi imene tikuona Reynolds akuyimbira Lina, mawu amene tikumva ndi a mayi wina, Betty Noyes, amene dzina lake silinalembedwe. Ndipo pamene Reynolds akuoneka ngati akulankhulira Lina, mawu okomawo ndi a Jean Hagen, yemwe akusewera Lina mwiniwakeyo, kungoti walankhula ndi mawu ake enieni. Filimu yodzudzula bodza ikuchita bodza lomwelo, ife n'kumaombera m'manja. Zimenezi sizinali zachilendo. Marni Nixon anayimbira Deborah Kerr mu The King and I ya 1956, Natalie Wood mu West Side Story ya 1961, ndi Audrey Hepburn mu My Fair Lady ya 1964, konseko dzina lake osaoneka pa kanema. Ngakhale kugogoda kwa nsapato kumene mumamva pa gule wa tap, nthawi zambiri ankakujambula padera pambuyo pake n'kukuphatikiza.

Reynolds anali ndi zaka 19 ndipo sanali wovina wophunzira. Anamuumiriza mpaka anafanana ndi akatswiri awiri aja, ndipo atakula ankanena kuti zinthu ziwiri zovuta kwambiri pa moyo wake zinali kubereka mwana ndi filimu imeneyi. Apa ndi pamene kukoma ndi kuipa kwa mafilimuwa kumakumana, chifukwa zonse zikuchokera m'fakitale imodzi. MGM inali ndi oyimba zida ake, osoka zovala ake, aphunzitsi a magule, akalipentala, onse pa malipiro chaka chonse. N'chifukwa chake ntchito inkatuluka yosalala chonchija. Koma osewera anali pa makontirakiti a zaka zambiri amene ankapatsa kampani mphamvu pa thupi lawo lomwe. Judy Garland analowa MGM mu 1935 ali ndi zaka 13. Iye mwini anafotokoza kuti ankapatsidwa mapiritsi oti asanenepe ndi oti akhale maso pa ntchito, kenaka ena oti agone. Kampaniyo inasiyana naye mu 1950, ndipo anamwalira ku London mu 1969 ali ndi zaka 47. Mukamuona akumwetulira mu Meet Me in St. Louis ya 1944, mawu ake akukoma chonchija, zimavuta kuiwala zimenezi.

Za akazi m'nkhanizi ndingodutsa mwachangu, ngakhale zilipo zambiri. Seven Brides for Seven Brothers ya 1954 ili ndi gule wina wa amuna wochititsa kaso, akudumpha pa matabwa pomanga nkhokwe. Koma nkhani yake ndi yakuti anyamata 6 apachibale akuba atsikana 6 usiku, kuwaponya m'ngolo akulira, chipale chofewa n'kutseka njira kuti makolo asawatsatire, ndipo pofika chilimwe atsikanawo awakonda owaba aja. Zonsezi ndi nyimbo zansangala. Gigi ya 1958 inapata ma Oscar 9, koma ndi nkhani ya mtsikana amene achibale ake akumuphunzitsa kuti adzakhale chibwenzi cha mwamuna wolemera. Mu Funny Face ya 1957 Astaire akufunsira Audrey Hepburn, amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka 30. Imene imandisangalatsa ndi Gentlemen Prefer Blondes ya 1953, chifukwa Marilyn Monroe ndi Jane Russell ndiwo anzeru m'menemo, amuna onse ndi zitsiru, ndipo chikondi cholimba m'filimu yonse ndi ubwenzi wa akazi awiriwo.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri. Poti inali nyengo ya Khirisimasi, ndikuganiza kuti munaona Holiday Inn ya 1942, mmene Bing Crosby anadzipaka zakuda pa nyimbo yokumbukira Abraham Lincoln. Mtima wanu sunalakwe kuwawa. Mchitidwe umenewu unachokera ku masewero a m'zaka za m'ma 1800, otchedwa minstrel, mmene azungu ankadzipaka mwaye kumaso n'kumatsanzira anthu akuda ngati opusa, aulesi, ongoseka ndi kuvina. Unali chisangalalo chotchuka kwambiri ku America ukapolo usanathe ndiponso utatha, ndipo unalowa m'mafilimu kuyambira tsiku loyamba: Jolson mu The Jazz Singer muja akuyimba atadzipaka. Garland ndi Mickey Rooney anachita zomwezo mu Babes in Arms ya 1939. Ngakhale Astaire wanga anachita mu Swing Time ya 1936, pa gule amene ankati ndi wolemekeza wovina wakuda Bill Robinson. Ulemu wotani umenewo, pamene Robinson mwiniwake, katswiri wa tap, Hollywood inkamupatsa malo a wantchito wa m'nyumba, kuvina pa masitepe ndi kamtsikana Shirley Temple mu The Little Colonel ya 1935?

Chimene chimapweteka kwambiri n'chakuti gule wa tap amene mafilimuwa anadyerapo anakulira pakati pa anthu akuda a ku America, posakanikirana ndi magule a anthu ochokera ku Ireland, ndipo nyimbo zake zambiri zinamera pa jazz. Eni luso analipo, koma ankawalowetsera khomo lakumbuyo. Lena Horne anasaina ndi MGM mu 1942 ndipo anakana kusewera ngati wantchito wa m'nyumba. Kampani inasowa chochita naye. M'mafilimu ambiri ankangomuimika atavala bwino, ayimbe nyimbo imodzi yosakhudzana ndi nkhani, kuti m'mizinda ya kummwera kwa America, kumene tsankho linali lamulo, athe kudula gawolo filimu osaonongeka. Pamene MGM inkapanga Show Boat ya 1951, mmene muli mkazi wa magazi osakanikirana amene akudziwika ngati mzungu, Horne ankalifuna gawolo. Linapita kwa Ava Gardner, ndipo nyimbo zake m'filimumo anamuyimbira munthu wina.

Ngati pali chinthu chimodzi choti muonere mukamaliza kuwerenga, chikhale ichi. Lembani pa YouTube mayina a Nicholas Brothers ndi Stormy Weather. Ndi filimu ya 1943 ya kampani ya 20th Century Fox, ya osewera akuda okhaokha, muli Horne, Robinson, Cab Calloway ndi Fats Waller. Chakumapeto Calloway akuyimba ndi bandi yake, kenaka abale awiri, Fayard ndi Harold Nicholas, adzuka pa tebulo. Akudumpha kuchoka pa kathebulo ka woyimba lipenga uyu kupita pa ka uyo, pamwamba pa mitu ya anthu akuliza zida, akwera pa piyano n'kumayankhana ndi woyimba piyanoyo ndi mapazi. Kenaka akwera masitepe akuluakulu oyera, n'kumatsika motere: wina adumpha pamwamba pa mnzake n'kugwera pa sitepe yotsatira miyendo itatambasuka, wina kutsogolo wina kumbuyo mpaka pansi, mnzakeyo naye adumpha chimodzimodzi, mpaka masitepe onse kutha. Ndipo akagwa choncho akudzuka osagwira pansi ndi manja, akumwetulira, masuti ali bwinobwino. Astaire ananena kuti sanaonepo gule woposa ameneyu pa kanema. Abale amenewa anatchukira ku Cotton Club, malo achisangalalo a ku Harlem mumzinda wa New York, kumene akuda ankasangalatsa azungu koma osaloledwa kukhala pa mipando ngati makasitomala. Hollywood sinawapatse filimu yawoyawo yoti akhale eni nkhani. Atavina ndi Kelly mu The Pirate ya 1948, gawolo linadulidwa m'malo ena a kummwera. Ndikuchenjezeni kuti Stormy Weather nayonso ili ndi zigawo zochititsa manyazi, za nthabwala zakale zomwe zija, chifukwa olemba ndi otsogolera anali azungu. Koma mphindi zimenezo za abale awiriwa palibe angazichotsere kanthu.

Nanga agogowo amamwetuliranji? Sindingalowe mumtima mwawo, koma dziwani ichi: ku Britain komweko BBC inkaonetsa pulogalamu yotchedwa The Black and White Minstrel Show kuyambira 1958 mpaka 1978, amuna achizungu odzipaka zakuda akuyimba, ndipo mabanja miyandamiyanda ankaonera madzulo ngati chinthu wamba. Munthu wa msinkhu wawo anakula akuona zimenezo pabalaza pa makolo ake. Izi sizikuyeretsa mchitidwewo, ndipo anthu akuda a ku Britain anaudandaula pulogalamuyo ikadali pa kanema. Koma munthu amene mutu wayamba kutaya zinthu, nyimbo za pa unyamata wake ndi zimene zimatsalira nthawi yaitali, ndipo n'kutheka kuti akumwetulira nyimboyo ndi masiku amene ikuwakumbutsa. Kuwazenga mlandu pano sikungapindule kanthu.

Koma inunso simunalembedwe ntchito yoti muzimeza chipongwe. Simukuyenera kukhala pansi n'kumaonera gawo limenelo kuti muoneke aulemu. Rimoti ili m'manja mwanu: dumphani gawolo, ndipo akafunsa auzeni mofatsa kuti limenelo silikusangalatsani. Mawailesi a kanema ena amalidula kale okha akamaonetsa Holiday Inn. Ngati a pabanja pawo ndi anthu omva, auzeni kuti posankha mafilimu azisiya amenewa. Sindikugwirizana ndi amene amati mafilimu oterewa awotchedwe kapena abisidwe, chifukwa ndi umboni wa mmene zinthu zinalili, ndipo ana athu obadwira kunjako ayenera kudziwa. Koma umboni umaonedwa pa nthawi yake, munthu utakonzeka. Si wa pa nthawi ya tiyi uli pa ntchito.

Mwina mukudabwa kuti nyengo ya mafilimu amenewa inatha bwanji. Mu 1948 khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu umene unakakamiza makampani akuluakulu kusiyana ndi nyumba zawo zoonetsera kanema, TV inalowa m'makomo, achinyamata anatembenukira ku rock and roll, ndipo kusunga gulu lonse lija pa malipiro kunakhala kodula. The Sound of Music ya 1965 inapanga ndalama zankhaninkhani, makampani n'kuganiza kuti nthawi yabwerera. Anathira chuma mu Doctor Dolittle ya 1967, Star! ya 1968 ndi Hello, Dolly! ya 1969, ndalama osabwerera monga ankayembekezera. Mu Paint Your Wagon ya 1969 anafika poyimbitsa Clint Eastwood, yemwe uja wa mfuti. Amayesabe apo ndi apo mpaka lero, koma mukaonetsetsa mupeza kuti chithunzi akuchiduladula, chifukwa osewera ambiri aphunzira gule miyezi yochepa, pamene Astaire ndi abale a Nicholas anayamba kuvina pa siteji ali ana.

Poti mafilimuwa muziwaonabe, mufune musafune, sankhaniko abwino. Yambani ndi Singin' in the Rain, yonse, kuyambira poyamba. Kenaka Top Hat, koma anthu akayamba kulankhula za amene ali mwamuna wa yani, imeneyo ndiyo nthawi yanu yokatenga tiyi, mubwerere nyimbo ikayamba. The Band Wagon ndi yabwino tsiku lotopa. Mu Royal Wedding ya 1951 Astaire akuvina pakhoma ndi kudenga: anamanga chipinda chonse m'chimgolo chozungulira, mipando atayikhomera, kamera ndi wojambula atamangiriridwa kuti azizungulira nacho, iye n'kumaponda mbali imene yafika pansi. Muwafunse agogowo ngati akudziwa mmene anachitira zimenezo, mwina mungacheze. Swing Time ili ndi magule okoma kuposa Top Hat, koma mukudziwa tsopano gawo loti mudumphe. Ndipo Khirisimasi ikubwerayi, ngati akufuna Bing Crosby ndi nyimbo yake yotchuka ya White Christmas, ayikireni filimu ya dzina lomwelo ya 1954 m'malo mwa Holiday Inn. Nyimbo ndi yomweyo, woyimba ndi yemweyo. Muli gawo lina loyimba mokumbukira masewero a minstrel, limene ine silindisangalatsa, koma palibe wodzipaka kumaso.